Chipeso cha Ababa Tsiku la Chiperoni

Ndikukumbukira fungo la ababa kuposa nkhope yawo. Chithunzi chawo ndilibe, ndipo nkhope ija chaka ndi chaka ikunka nizimirira m'maso mwanga, koma fungo lokha lakana kuchoka. Ankanunkhira tiyi. Osati tiyi wa m'kapu ayi, koma tiyi wouma, wotentha, wongotuluka kumene mu uvuni wa ku fakitale. Fungolo linali m'tsitsi mwawo, m'zikhatho, ndi m'juzi yawo yobiriwira yaubweya, moti amayi ankawaseka kuti madzi ochapira juziyo tikhoza kungothiramo shuga n'kumwa.

Tinkakhala m'malaini a esiteti ina ya tiyi kunsi kwa phiri la Mulanje, cha kunjira ya ku Limbuli. Nyumba zake zinali za kampani, zofanana zonse: zipinda ziwiri, kakhonde, ndi kakhitchini kakuda ndi mwaye kuseri. Zinali zaka za m'ma 1970, nthawi imene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba, ndipo ife atsikana madiresi athu ankayenera kubisa mawondo. Amayi ankathyola tiyi m'munda, dengu lili kumsana. Ababa, omwe anthu ankawatchula kuti a Muhiwa, ankagwira ntchito m'fakitale, m'chipinda chosankhira tiyi.

Sukulu sanaiponde ngakhale tsiku limodzi. Anawoloka mtsinje wa Muloza kuchokera ku Mozambique ali kumsana kwa mayi awo, ndipo pakhomo pathu iwo ndi amayi ankalankhula Chilomwe. Chichewa ankachidziwa, koma chinkawalemera pakamwa, ndiye pagulu anali munthu wa mawu ochepa. Anthu ambiri ankawayesa wamanyazi. Ine ndekha, mwana wawo mmodzi yekhayo, ndinkadziwa kuti munthuyo akayamba kufotokoza za makina ake sankafuna kupuma.

Makinawo anali ndi marola a pulasitiki, aatali, ozungulira pamwamba pa tiyi amene ankadutsa pansi pake. Tiyi akauma amakhala ndi tizinyalala tofiirira, timaulusi ndi timitengo ta m'masamba, timene azungu ogula tiyi sankafuna kutiona. Kusankha ndi manja bwenzi munthu atakalamba asanamalize thumba limodzi. Ndiye marola aja ankazungulira akukhuzana ndi nsalu yokhuthala ngati bulangete, ndipo akakhuzana choncho ankakoka timaulusi tija, tiyi wakuda n'kupitirira yekha woyera bwino. Popanda guluu, popanda dzanja logwira. Ntchito ya ababa inali kuyang'anira marolawo, kusintha nsalu zikatha, ndi kusesa zinyalala zimene zagwidwa.

Antchito ankapatsidwa tiyi wakumwa kunyumba, koma anali wotsalira, wodzaza timaulusi tomwe tija. Lamlungu masana tikachoka kutchalitchi, ababa ankakhala pakhonde, n'kuthira tiyiyo pambale yachitsulo, n'kutulutsa chipeso chawo chofiira cha pulasitiki chimene anagula ku Limbuli. Ankachikhuza pamkono wa juzi, msangamsanga, kenako n'kuchiyandikiza pambale osakhudza. Timaulusi tinkayamba kugwedezeka, kuimirira, kenako n'kulumpha kukakakamira m'mano a chipeso. Ine ndinkafuula ngati ndikuziona koyamba.

"Waona, Esinati?" ankatero. "Chipesochi ukachikhuza chimamva njala. Koma ndi chaulesi, chimadya zopepuka zokha."

Anandionetsanso zina. Ankandiuza kuti ndithire madzi pang'onopang'ono kuchokera m'ketulo, kamtsinje kowonda ngati ulusi, ndipo akayandikiza chipeso madziwo ankapindika kuchitsatira. Nthawi zina ankachibweretsa pafupi ndi khutu langa, ine n'kumva kakuti tha! kundiluma pang'ono ngati nyerere. Amayi ankangopukusa mutu akupeta mpunga. Ankati pa nyumba pano pali ana awiri, winayo ali ndi ndevu.

Chaka chimene ndinali sitandade faifi tinalandira mphunzitsi watsopano, a Mhango, ochokera kumpoto, wamtali, wokonda sayansi kuposa chakudya. Tsiku lina mwezi wa Juni, kunja kuli kozizira koma kouma, kumwamba kuli mbee, anang'amba kapepala tizidutswa ting'onoting'ono, n'kukhuza bolopeni m'tsitsi mwawo, tizidutswa tija n'kulumphira kubolopeni. Kalasi yonse inati haa! Anatiuza kuti amenewa ndi magetsi, koma osati oyenda m'waya. Ndi magetsi ongokhala pamalo amodzi. Anati chinthu chilichonse chili ndi timagetsi tamitundu iwiri tokwanirana bwino, ndipo ukakhuza zinthu ziwiri, timagetsi tina timachoka pa chimodzi n'kudzaunjikana pa chinzake. Chimene chaunjikiridwacho chimayamba kukoka tinthu topepuka tapafupi.

Ine pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinali mwana wa pakamwa, ndivomere. Ndinaimika mkono mpaka kunyamuka nawo.

"Aphunzitsi, zimenezo ababa amachita ndi tiyi. Ndipo ku fakitale ali ndi makina aakulu ochita zomwezo. Amawayendetsa ndi iwowo."

Felesiya, mwana wa kalaliki wa pa esiteti, amene kwawo kunali babu la magetsi lenileni ndipo sankalola kuti tiiwale, anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi anga opanda nsapato. Koma a Mhango maso awo anawala. Anati sayansi ya m'buku ndi yabwino, koma ya munthu woigwira ndi manja imaposa, choncho ndikawapemphe bambo anga abwere Lachisanu adzationetse.

Ndinathamanga njira yonse yodutsa m'minda ya tiyi. Nditawauza, ababa anayang'ana zikhatho zawo.

"Kusukulu? Ine? Ndikalankhule chiyani pamaso pa anthu ophunzira?"

"Mungokaonetsa basi, ababa. Ndawauza kale onse."

Mawu oti "ndawauza kale onse" ndi amene anawamanga. Nyengo yozizira tiyi amachepa m'minda ndipo fakitale imapumira, ndiye kapitawo wawo anawalola kuti ajombe m'mawa umodzi. Sabata imeneyo ndinkawaona madzulo akuzungulira kuseri kwa khitchini okha, milomo ikugwedezeka. Ndinkayesa akupemphera.

Lachisanu tinadzuka phiri kulibe. Chiperoni chinali chitafika, nkhungu yoyera yochokera ku Mozambique, ndi kamvula kake kaja kosagwa kwenikweni koma kongoyandama, kolowa paliponse. Mchere m'botolo unali utanyowa, machesi akukana kuyaka. Ababa anaima pakhomo n'kuyang'ana kumwamba, ndipo ndinaona nsagwada zawo zikulimba. Amayi anawauza m'Chilomwe kuti atume uthenga, apite tsiku lina.

"Aphunzitsi akudikira," anayankha. "Ndipo mwanayu wauza kale anzake."

Anavala juzi yobiriwira ija, buluku la kutchalitchi, ndi nsapato zobwereka kwa aneba, zimene zinali zazikulu moti anaikamo mapepala. Anadula tsamba la nthochi kuti tifunde. Tinayenda limodzi pansi pa tsambalo, koma mbali yaikulu inali kwa ine. Pofika pasukulu mapewa ndi mikono ya juzi inali ndi timadontho tonyezimira paliponse.

A Mhango anawalandira ndi manja awiri, n'kutiuza kuti tiimirire tipereke moni kwa Bambo Muhiwa, katswiri wa makina a tiyi. Mtima wanga unadzaza. Ababa anaima kutsogolo, pansi pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ataoneka aang'ono kuposa mmene ndinkawadziwira. Anayala mbale yachitsulo patebulo, n'kuthirapo tiyi wochokera m'kathumba. Analankhula mawu amene tsopano ndikudziwa kuti anawakonzekera.

"Ana inu, ine sindinaphunzire. Koma ndabwera kuti muone chimene ndimaona kuntchito."

Anakhuza chipeso pamkono. Anachiyandikiza pambale. Palibe chimene chinagwedezeka.

Anakhuzanso, mwamphamvu, mpaka tinamva phokoso la ubweya. Anachiyandikiza. Tiyi anangokhala phee. Kumbuyo wina anatsokomola chitsokomolo chabodza. Kachitatu anakhuza nthawi yaitali, thukuta litayamba kutuluka pamphumi m'kuzizira konse kuja, ndipo poyandikiza, chipeso chinagunda m'mphepete mwa mbale, tiyi wina n'kutayikira pansi. Anawerama kuti atole, nsapato yobwereka ija n'kuvuka chidendene, pepala n'kuonekera.

"Chipeso chakhuta kale kunyumba," anatero Felesiya, mokweza ndithu, pakuti nthabwala ya njala ija ndinali nditamuuza ndekha.

Kalasi yonse inaphulika. Ndipo ine, Esinati, mwana wawo, ndinaseka nawo. Sindinaseke chifukwa zinali zoseketsa. Ndinaseka chifukwa ndinaona maso akutembenukira kwa ine, ndipo ndinafuna kukhala mbali ya osekawo, osati ya osekedwa. Ndinaseka mokweza kuposa Felesiya. Ababa anadzutsa mutu ali chigwadire, n'kuyang'ana kumene kunkachokera kuseka kumene ankakudziwa. Maso athu anakumana. Sanakwinye nkhope. Anangoyang'ananso pansi n'kumaliza kutola tiyi wawo.

A Mhango anamenya tebulo ndi rula kuti tikhale chete. Anayamba kupepesa, kunena kuti mwina tiyese tsiku lina. Ababa anaimirira n'kuwafunsa motsitsa mawu:

"Pepani aphunzitsi, kunyumba kwanu kuli moto?"

Anatuluka awiriwo. Chipeso anapita nacho, mbale anaisiya. Anyamata akumbuyo anati ababa athawa, ndipo wina anayamba kuyerekeza mmene amayankhulira. Ine ndinaika mutu padesiki. Matabwa ake ankanunkha chinyezi ndi inki, ndipo ndinapempha Mulungu kuti asabwerenso, angopita kunyumba. Mpaka lero pemphero limenelo limandichititsa manyazi kuposa kuseka kuja.

Ababa anabwerera atanyamula mbaula ya akazi a aphunzitsi, makala ali psuu, atagwira ndi zisanza m'mbali. Anaiika pansi kutsogolo kwa kalasi. Kenako anavula juzi, n'kutsala ndi malaya okhaokha ozigamba pamapewa, amene juziyo inkabisa. Sanasamale. Anatambasula juzi pamwamba pa moto, nthunzi n'kuyamba kutuluka, ndipo fungo la tiyi linadzaza kalasi yonse. Anawotchako mbale pang'ono kuti tiyi aume. Chipeso anachigwira patali, akuchitembenuza, kuopa kuti chingasungunuke.

Ndipo ali pa ntchito imeneyi, manja ali otanganidwa, anaiwala kuti akuopa. Mawu okonzekera aja anatha, n'kubwera awo enieni, Chichewa ndi Chilomwe zitasakanikirana mmene ankalankhulira pakhonde pathu.

"Ndinalakwa ine, ana inu. Ndinafulumira. Njala imeneyi imaopa madzi. Kukakhala chinyontho, mukakhuza imabwera, koma madzi amaiba pompo, imathawira m'dzanja, imapita pansi. Kufakitale kukachita chiperoni chonchi marola amagona, zinyalala zimangodutsa. Ndiye timayatsa mababu pamwamba pake kuti afunde, aume. Akauma amadzuka. Makina ndi chipeso n'chimodzimodzi."

A Mhango anathamangira pabolodi n'kulemba zimene ababa ananenazo, pafupifupi liwu ndi liwu, n'kutiuza kuti tikopere m'makope. Anati zimenezi m'buku lathu munalibe. Munthu wosadziwa kulemba dzina lake anaima n'kumayang'ana mawu ake akusanduka choko choyera.

Kenako anakulunga juzi yofunda kudzanja, n'kukhuza chipeso. Tinamva kuthetheka kwake mpaka kumbuyo. Atachiyandikiza pambale, timaulusi tinaimirira tonse pamodzi n'kulumpha, chipeso chofiira n'kumera ndevu zofiirira. Ana anakwera pamadesiki. Felesiya yemweyo anali patsogolo, kukamwa kuli yasa. A Mhango anapereka chala chawo, kakuti tha! n'kumveka, iwo n'kudumpha, ndipo anatiuza kuti kamoto kameneka ndi mphenzi yaing'ono. Mphenzi zimene zimang'anima pamwamba pa phiri nthawi ya dzinja ndi magetsi omwewa, ataunjikana m'mitambo mpaka kusowa pokhala.

Aliyense ankafuna kugwira chipeso. Manja anali m'mwamba, "ine, ine, bambo!" Ababa anawadutsa onsewo, n'kuyenda pakati pa madesiki, nsapato zija zikukokeka, mpaka pamene ndinakhala ine.

"Uyu ndiye amadziwa," anauza kalasi. "Amandithandiza kunyumba. Bwera, Esinati."

Ndinapita. Ndinakhuza chipeso pajuzi imene inali idakali yofunda, ndipo timaulusi tinalumpha, anzanga n'kuwomba m'manja. Ndinali ndisanamvepo kuwawa kotero. Akanandimenya mbama pamaso pa onse bwenzi zitandipepukira.

Pobwerera kunyumba chiperoni chinali chidakalipo. Anavula nsapato n'kuzinyamula m'manja kuti zisade ndi matope. Tsamba la nthochi linali kwa ine ngati m'mawa. Ndinakonza mawu opepesa pamene tinkadutsa pamlatho, ndinawakonzanso pamtengo wa mbawa, ndinati ndinena tikafika pampopi wa m'malaini. Tinafika pampopi, tinadutsa. Iwo ankangokamba za mbaula, kuti inali yopangidwa bwino. Sindinapepese tsiku limenelo, kapena mawa lake. Lamlungu lotsatira anatulutsa mbale ndi chipeso monga mwa masiku onse, ndipo nkhani ya kuseka ija sinatchulidwepo m'nyumba mwathu.

Zaka zinapita. Ndinakhoza mayeso, ndinapita kusekondale, kenako ndinapeza ntchito ya ulembi mu ofesi ina ku Limbe. Kumeneko kunabwera makina a fotokope. Tsiku lina atawonongeka, wokonza anawatsegula n'kundionetsa chigubu chozungulira m'kati mwake. Anati chigubucho chimapatsidwa magetsi ongokhala, kuwala n'kuwafufuta paliponse kupatula pamene pali zilembo, ndiye ufa wakuda umakakamira pamenepo n'kusamukira papepala. Anawonjeza kuti mapepala akakhala ndi chinyontho makinawa amavuta. Ndinaseka ndekha mpaka misozi, munthuyo n'kudabwa. Pambuyo pake ndinamva kuti opopera penti pagalimoto amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi kuti penti igwire bwino pachitsulo, ndiponso kuti mafakitale ena amakola nayo mwaye m'machumuni utsi usanatuluke. Nthawi iliyonse ndinkati ndikapita kumudzi ndikawauza ababa, ndipo ndikawauza zimenezi ndidzapitiriza n'kunena zinazo. Za fotokope ndinawauzadi, anakondwa kwambiri. Zinazo ndinameza.

Anamwalira ndili ndi ana awiri. Titatha kusesa, amayi anandiitanira m'nyumba n'kutulutsa chipeso chija m'kathumba ka nsalu. Mano atatu anali atathyoka, kufiira kwake kutafwifwa. Nditachigwira, zonse zimene ndinazisunga zaka makumi awiri zinatuluka. Ndinawauza amayi kuti tsiku lija ndinawaseka ababa pamaso pa anthu, anandiona, ndipo apita ndisanawapepese.

Amayi anandiyang'ana modabwa.

"Kuseka? Zimenezo sanandiuzepo. Sabata yonse ija ankaphunzira Chichewa chabwino kuseri kwa khitchini kuti asakuchititse manyazi. Atabwera ndinawafunsa kuti zayenda bwanji. Anati, 'Poyamba ndinamuchititsa manyazi mwana wathu, mpaka anasowa pobisala. Koma ndinakonza. Ndikhulupirira wandikhululukira.' Ndipo ankabwereza nkhaniyi mpaka ukalamba, kuti kaya unawakhululukira."

Ndinakhala pansi pamphasa. Zaka zonsezo tinkakhala pakhonde limodzi, kumwa tiyi mmodzi, aliyense akudikira kukhululukidwa ndi mnzake.

Masiku ano malaini aja ena anagumulidwa, sukulu ili ndi magalasi m'mawindo, ndipo njira imene tinkayenda pansi pa tsamba la nthochi imadutsa njinga zamoto. Adzukulu anga amaona mphenzi ndi maloboti pafoni, sadabwa ndi kanthu. Tiyi amene ndimagula m'sitolo amabwera woyera kale, wopanda kaulusi ngakhale kamodzi, ndipo palibe amene amafunsa kuti anamusankha ndani. Ine ndimadziwa. Kukachita chiperoni, ngakhale kuno ku Limbe chimafika, ndimatulutsa chipeso chija n'kuchiwothetsa pambaula, patali, ndikuchitembenuza mmene ankachitira. Ndimang'amba tizipepala, n'kukhuza pajuzi yanga. Chidakali ndi njala mpaka pano. Tizipepala tikalumpha ndimanena mokweza, m'nyumba mopanda munthu, mawu amene ndinalephera kunena pamlatho, pambawa ndi pampopi: ababa, simunandichititse manyazi. Ndinaseka ndine. Pepani.